A Medson Chikadza Sanaphe Munthu

Malemu amene agona m'nyumbamu anabadwa pa 9 Meyi 1947, m'mudzi mwa Chadzunda, cha ku Mitundu. Dzina lawo ndi a Medson Chikadza. Ndibwereze. A Medson Chikadza. Ndabwereza dala.

Ine ndine Flywell, muphwa wawo, mwana wa mlongo wawo. Ambiri simundidziwa. Sindikhalitsa malo amodzi. Ndimayendetsa thiraki: lero Beira, mawa Joni, mkuja Dar. Uthenga unandipeza pa chipata cha Mwanza. Galimoto ndinaisiya pomwepo. Ndinabadwira ku Kawale, ndipo Lilongwe ndimati ndimamudziwa. Koma kuno ku Chinsapo ndinali ndisanapondeko. Dzulo ndinatsika minibasi kutada, magetsi atazima. Ndinafunsa pa okala: kwa a Chikadza, kumene kwagwa zovuta, n'kuti? Sakuwadziwa. Ndinafunsa amayi ogulitsa makala. Sakuwadziwa. Wachitatu anali bambo wa kabaza. Anandiyang'ana, amvekere, "Ooo, mukunena a Mphasajeni? Madala anapha msilikali aja? Kwerani, bigi, m'pafupi."

Ndinakwera. Ndikanatani? Anandifikitsa pakhomo pano.

A mfumu, akulu a mpingo, anamfedwa, abambo ndi amayi nonse, landirani ulemu wa banja. Mbiri imayenera kukawerengedwa kumudzi, kumanda. Banja lati iwerengedwe pano, lero. Chifukwa chake mwachiona nokha. Kuyambira Lolemba, pabwalo pano sipanamveke nyimbo. Amayi a mpingo abwera, aphika, atunga madzi, koma yunifolomu asiya kunyumba. Sindikuwadzudzula. Anauzidwa kuti malemu anaimitsidwa mumpingo, ndipo woimitsidwa saimbiridwa. Anaimitsidwa chifukwa akuti anapha munthu. Ndiye ndiwerenga zonse. Mbiri yoyamba analemba a Ian, mwana wawo. Tsamba limodzi. Pa chaka cha 2002 anangolemba kuti anachita ngozi ya pamsewu. Pepani a Ian, tsamba lija ndalipinda. Nonse mundipirire.

Bambo a malemu anali a Chikadza Mbewe, mayi awo a Naphiri. M'banjamo anabadwa asanu ndi awiri, iwo anali achitatu. Ena onse anatsogola, kuphatikizapo mayi anga. Ubwana wawo unathera kubusa. Sukulu anayamba mu 1956, pa sukulu ya mishoni ya kufupi ndi kwawo. Analekezera Sitandade 5. Ankanena okha kuti aphunzitsi ankawaona masiku a mayeso, ng'ombe ndiye zinkawaona tsiku ndi tsiku. Kulemba ankatha. Kuwerenga Baibulo ankatha, mokweza, mpaka nyumba yachitatu kumamva.

Mu 1966 anapita kukayesa usilikali. Apa tcherani khutu. Anathamanga bwino, anzawo ambiri anawasiya m'mbuyo. Pofika poyeza msinkhu, anaperewera. Akuti zala ziwiri zokha. Anabwerera kumudzi wapansi. Sanaiwale. Ankati, "Anandimana nyota za usilikali. Palibe kanthu. Ndizigawa ndekha." Nthawi imeneyo palibe anamvetsa.

Kuyambira 1968 mpaka 1973 anagwira ntchito pa esiteti ya fodya ku Kasungu. Ankayendetsa ngolo za pa esitetipo. Pa 12 Ogasiti 1972 anamanga ukwati woyera ndi amayi Rozina Nankhoma, a kwawo konko. Amayi ake ndi awo akhala pakhomowo. Zaka makumi atatu ndi zisanu ali limodzi. Mulungu anawapatsa ana asanu ndi mmodzi. Awiri anamwalira ali aang'ono.

Mu 1974 anabwera ku Lilongwe, likulu likumangidwa. Anafikira kwathu ku Kawale. Zaka zisanu anasenza njerwa za eni ake. Mu 1979 anapeza ngolo yawoyawo, n'kusamukira kumapeto kwa Area 23, komwe kunali malo omanga khola. Ananyamula mchenga. Ananyamula njerwa, nkhuni, chimanga. Ananyamula amayi oyembekezera nthawi yomwe minibasi kunalibe. Mabokosi a maliro ananyamulanso, osafunsa kuti wafayo ankapemphera kuti. Nyumba zambiri za ku 23 zaima pa mchenga wawo. Mumpingo anali a msonkhano wa abambo. Belu Lamulungu ankaliza ndi iwo.

Tsopano nyota zija. Ng'ombe zawo zoyamba anazitcha Kaputeni ndi Meja. Zitakalamba kunabwera Lefutenanti, yaulesi, sinakhalitse. Mu 1993 anagula mfule yakuda, ya banga loyera pamphumi. Anaitcha Sajeni. Mu 1999 anawonjezera yofiira, Kopolo. Ndipo mumvetse bwino. Sankati Sajeni. Ankati a Sajeni. A Kopolo. M'mawa uliwonse anthu a ku 23 ankadzutsidwa ndi mawu awo: "A Sajeni, lefiti! A Kopolo, musagone, tili pa perete!" Ine ndinawafunsapo. Ndinati atsibweni, ng'ombe mukuipatsa ulemu? Anandiyang'ana ngati ndine wodwala. Anati, "Iwe, amene amandidyetsa ndimutchule ngati kamwana?" Ndinaseka. Tonse tinkaseka. Kachilembo kamodzi ako, ka "a", ndi kamene katikhazika chete pabwalo pano.

Pa 16 Julayi 2002, Lachiwiri, cha m'ma 6 koloko m'mawa, malemu ankachokera kudambo atadzaza mchenga. Kunali chifunga. Anafika pomwe njira yafumbi imadutsa msewu wa tala. Pamenepo a Sajeni anaima. Anakana kuwoloka. Zaka zisanu ndi zinayi ng'ombe imeneyi inali isanakanepo lamulo. Malemu anakuwa. Osasuntha. Anakuwanso. Osasuntha. Ndiye anatenga chikwapu, chomwe masiku onse chinkangokhala chokoloweka, n'kuikwapula kamodzi. Inalowa mumsewu.

Lole ya asilikali inatulukira pakona, kumbuyo kutadzaza anthu. Inkathamanga bwanji, ine kunalibe. Omwe anaona akuti inkathamanga. Dalaivala anaponda mabuleki, matayala analira, koma kunali kutatha kale. Inagunda a Sajeni m'nthiti. Goli linathyoka. Kopolo anagwera m'ngalande, nyanga imodzi itazuka. Ngolo inagudubuzika. Malemu anagwa pansi, ngolo n'kuwagwera pantchafu, mchenga n'kuwakwirira mpaka pachifuwa.

Ine ntchito yanga ndi chiwongolero. Ndikudziwa. Lole yodzaza siima ngati njinga. Ngolo ilibe nyale, ilibe hutala, ilibe mabuleki. Ziwirizi zikakumana, chitsulo chimapitirira ulendo, fupa limatsala pamsewu. Fupa la ntchafu yawo ya kumanja linathyoka pawiri, mbali ina n'kuboola khungu. Chiuno chinasweka. Nthiti zinayi. Mano awiri. Wina akanalira kutchula mayi ake. Iwo anakuwa kuti, "A Sajeni! Mwapha a Sajeni! Ine ndisiyeni, thandizani a Sajeni!"

Asilikali analumpha m'lole. Anayamba kuwerengana. Sajeni wawo anali pampando wakutsogolo, wamoyo, akudzigwiragwira. Amayi ena opita kumsika atamva kukuwako anathamanga, akufuula kuti sajeni wafa. Pofika 8 koloko nkhani inali ku Biwi. Pofika masana inali ku Area 25, ndipo sajeniyo anali atapeza kale mkazi ndi ana atatu.

Chilungamo ndinene. Asilikali aja ananyamula ngolo ndi manja awo. Anafukula mchenga. Anawakweza pa lole yomweyo mpaka kuchipatala. Pa chimenecho banja likuthokoza. Koma anangowatula pakhomo, n'kumapita. Sanabwerenso. Ngakhale mmodzi wodzafunsa kuti madala aja adzuka bwanji. Akanabwera mmodzi yekha, bwenzi lero ndikuwerenga tsamba la a Ian.

Kuchipatala, kalaliki wolemba pepala la ngozi anawaweramira. Anafunsa ngati pangozipo pafa wina. Malemu, magazi ali m'kamwa, anati a Sajeni. Kalaliki analemba, m'Chingerezi. Wovulala mmodzi. Womwalira mmodzi, sajeni. Anadinda. Pepalalo ndi ili. Ndaliimika kuti a kumbuyo mulione. Chidindo chake sichinafufutike ngakhale pang'ono. Mawa lake kunabwera apolisi ndi unyolo. Anamangirira dzanja lawo kuchitsulo cha bedi. Munthu wosweka chiuno, athawira kuti? Masiku awiri ali choncho. Tsiku lachitatu anabwera kudzamasula. Anali atafufuza, n'kupeza kuti palibe sajeni wasowa. Anaseka. Anamwino anaseka. Pepala osakonza. Akuti wolembayo wapita kutchuthi. Koma anthu odzaona odwala unyolo uja anali atauona kale. Wodi imeneyo imalowa Lilongwe yense.

Tibwerere pamsewu. Pamene lole inkanyamuka, ng'ombe inali ikupumabe. Anthu anathamangira a Lajabu, omwe ali ndi butchala pamsika wa ku 23. A Lajabu anabwera ndi mpeni wawo, anatchula dzina la Mulungu monga achitira Asilamu, n'kuizinga pomwepo, m'mbali mwa msewu. Anthu anabwera ndi mabeseni. Pofika madzulo panatsala ndowe zokha. A Lajabu, chonde imirirani. Awo, a mzuli woyerawo. Zikomo, khalani pansi. Anthu a ku 23 mwabwera ambiri, ndakuonani. Ndinena mosapsatira. Ena mwa inu a Sajeni munawadya. Ndi tomato. Chikopa anachipempha a kwaya ya mpingo wathu womwewu, nthambi ya ku 23. Ng'oma yake ikulira mpaka lero. Ng'ombe ikuimba m'tchalitchi, mwini wake akukanizidwa nyimbo.

Dzina la Mphasajeni munayambitsa ndinu a ku 23. Sindikuti munali ndi mtima woipa. Munkaseka chifukwa munkadziwa. Koma dzina linakwera minibasi, nthabwala inatsala pa siteji.

Malemu anakhala m'chipatala miyezi isanu. Poyamba mwendo anauimika m'mwamba, atamangirira kathumba ka mchenga. Ankati mchenga wawalondola. Kenako opaleshoni. Anaika chitsulo kuchokera m'chiuno mpaka pabondo. M'wodi yomweyo munali enanso awiri a ngolo. Mmodzi anagundidwa ndi minibasi. Winayo, wa cha ku Mgona, inali galimoto ya asilikalinso, anadulidwa mkono. Ankadzitcha gulu la nkhondo la atatu. Amayi Rozina miyezi yonseyo anagona pa simenti, pansi pa bedi. Kuwatembenuza, kuwasambitsa, kuwadyetsa. Akatulukira pakhonde, magadiyani anzawo ankanong'onezana kuti awo ndi akazi a wopha msilikali uja. Ankafotokoza. Mawa kwabwera ena. Afotokozenso.

Anatuluka pa 20 Disembala 2002. Ndodo ziwiri. Mwendo wa kumanja utafupika. Bala limodzi la pantchafu silinatseke bwino, linkangotuluka madzi. Pangolo sanakwerenso. Kopolo anapita kumudzi. Mu Malichi 2003 banja linasamukira kuno ku Chinsapo, pa puloti ya a Amosi, mwana wawo woyamba. Malemu anayamba kusoka nsapato pakhonde apo.

Anabwera ndi kalata yosamukira mpingo. Yabwinobwino. Koma nkhani inali itafika kale, itakhala pansi, itapatsidwa madzi. Pa 27 Epulo 2003 akulu a mpingo anawaitana. Ine kunalibe. Andiuza amayi Rozina, komanso m'mawa uno ndawerenga ndekha m'buku la mlembi.

Anawafunsa ngati n'zoona kuti pa ngozi yawo panafa a Sajeni. Anati n'zoona. Anawafunsa kuti wolakwa anali ndani. Apa wina aliyense akanaloza lole. Atsibweni anga anati, "Ndine. A Sajeni anaima, anakana. Ine ndinawakwapula. Ndinawakankhira kuimfa ndi dzanja ili." Analira. Mlembi analemba kuti avomera. Amayi Rozina anaimirira. Anati, "Abambo, pepani, musamve molakwika. Imeneyo inali ng'ombe chabe." Malemu anamenyetsa ndodo pansi. "Chabe? Mayi, mukuti chabe? Amene uja anakudyetsani zaka zisanu ndi zinayi? Anaphunzitsa ana anu? Musadzabwerezenso." Anatuluka. Motsimphina, koma anatuluka.

Akulu anatsala ndi pepala la chidindo, ndi kuvomera kwa mwini wake. Anatsalanso ndi "a" uja. Mkulu wina anafunsa anzake ngati anamvapo munthu akutchula ng'ombe mwaulemu. Onse anati ayi. Anagwirizana kuti mayi akungoikira kumbuyo mwamuna wake. Chigamulo chili m'bukumo: aime kaye pa mgonero, kufikira atakapepesa ku banja la a Sajeni, n'kubweretsa kalata yochokera kumeneko.

Banja la a Sajeni. Akalipeza kuti, anthu inu? Kukhola? Kalata alembe Kopolo?

Zaka zinayi zinatha choncho. Apa aliyense atenge mbali yake. A Ian analemba kalata ku mpingo mu 2004. Mlembi anali atasintha. Watsopanoyo anati mwini wake abwere adzanene yekha. A Thandie, mwana wawo wamkazi, anagwada pakhonde apo. Anati adadi, tiyeni mukangonena mawu amodzi, ng'ombe, basi. Malemu anati, "Ndikapita kumeneko akandiuza kuti ndinene chabe. Mulungu akudziwa amene ndinamulakwira." Anali ouma mutu. Pepani, pamaliro sititero. Anali olimba mtima. Koma olimba mtima mpaka kutopetsa. A ku 23, mpingo ndi umodzi, minibasi ndi ziwiri zokha. Palibe anabwera. Munkati zidzitha zokha. Akulu a kuno, simunatume munthu kukafunsa. Mafunso anu anathera pa chidindo.

Inenso mbali yanga ilipo. Nkhaniyi ndinaimvera ku Beira, pa mzere wa mathiraki, dalaivala wina akusimba ngati nthabwala. Madala ena ku Lilongwe anamangidwa chifukwa chopha sajeni wa miyendo inayi. Ndinaseka mpaka kukhosomola. Kenako ndinazindikira kuti ndi atsibweni anga. Ndinati ndikafika ndikakonza. Lilongwe ndadutsa kangati chichokereni tsiku limenelo? Sindingawerenge. Ndinkaima m'tauni, kudya, kuthira mafuta, ulendo. Chinsapo ali apa pomwe. Sindinakhote.

Iwo kutchalitchi sanasiye. Lamulungu lililonse, ndodo ziwiri, benchi ya kumbuyo. Nthawi ya mgonero ikakwana, ankatuluka okha, kukakhala pansi pa mtengo. Wina sankawathamangitsa. Ankangodziwa. Makolo ena ankauza ana awo kuti asamadutse pakhomo pano. Ena nsapato ankapita nazo kutali, kusiya msoki pafupi. Ankaona zonsezo. Ankangosoka nsapato zimene zabwera.

Mu 2005 bala lija linatsegukanso. Madokotala anati matenda alowa m'fupa, mozungulira chitsulo. Jakisoni, mapiritsi, kutsuka, kumanga. Kupola pang'ono, kuyambiranso. Mu Okutobala 2006 anati mwendo udulidwe. Anakana. Anati chitsulocho ndi nyota yokhayo imene anapatsidwa, apita nacho. Ana anachonderera. Anakana. Ndanena kale za mtima wawo. Kuyambira Isitala chaka chino sanathenso kufika kutchalitchi. Pa 28 Meyi thupi linatentha kwambiri, anagonekedwa m'chipatala. Madokotala ndi anamwino anayesetsa. Lolemba, pa 11 Juni 2007, cha m'ma 4 koloko madzulo, anatisiya. Anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi. Pa pepala la imfa alembapo dzina la matenda. Ife tikuti ngozi ya 2002 ndi imene yamaliza ntchito yake.

Lamulungu, kutatsala tsiku limodzi, anaitana amayi Rozina. Sanafunse za nyumba. Sanafunse za ana. Anafunsa kuti, "Mayi, kodi adzandiimbira?" Amayi anati adzakuimbirani. Anafunsanso. Amayi anati adzakuimbirani, gonani. Anagona. Amayiwa analonjeza chinthu chomwe sichili m'manja mwawo. Chili m'manja mwanu.

M'mawa uno ndinapita ku 23. A Lajabu ndinawapeza akunola mipeni. Nditafotokoza anagwira pakamwa. Anati, "Astaghafiru! Ng'ombe ndinazinga ndekha ija yasanduka munthu?" Anatseka butchala. Tinapita limodzi kwa akulu a mpingo a kuno ku Chinsapo. Anatilandira mwaulemu, ndisaname. Anamvetsera. Ena anaweramitsa mitu. Mmodzi anaseka, n'kudzigwira. Kenako anati nkhaniyi ndi yomveka, koma chigamulo cha bwalo la mpingo chimasinthidwa ndi bwalo lomwelo. Ndinafunsa kuti bwalo likhala liti. Anati kumapeto kwa mwezi. Abusa ali kumsonkhano, foni yawo sikupezeka.

Kumapeto kwa mwezi. Abambo anga, ndikulemekezani. Ndinu akuluakulu, ine ndine mwana. Malamulo ndimawadziwa, moyo wanga wonse ndi wa pa zipata, kudikira zidindo. Katundu amadikira. Thupi silidikira kumapeto kwa mwezi. Sindikupempha kuti muphwanye lamulo. Lamulo likuti wopha munthu, wosalapa. Munthuyo ndi uti? Dzina lake ndani? Anaikidwa manda ati? Mukamupeza, ine ndikapepesa ndekha, chogwada. Ngati mlandu ndi wokwapula ng'ombe kamodzi, malemu anaulira zaka zisanu. Pakati pathu pano sindikuonapo wina amene analapa chomwecho.

Malemu asiya mkazi wawo, amayi Rozina. Asiya ana anayi: a Amosi, a Ian, a Thandie ndi a Eneless. Asiya zidzukulu khumi ndi chimodzi. Asiya ife aphwa awo, asanu, osathandiza kwenikweni. Kumudzi asiyanso a Kopolo, a nyanga imodzi. A mlembi, ngati mukulemba, imeneyo ndi ng'ombe.

Banja likuthokoza a mfumu potipatsa bwalo. Likuthokoza madokotala ndi anamwino a m'wodi ya mafupa, omwe anafika powadziwa malemu ngati m'bale. Likuthokoza amayi Asiyatu, oyandikana nawo nyumba. Zaka ziwiri akhala akubwera m'mawa uliwonse ndi madzi otentha ndi mchere, kudzathandiza kutsuka bala. Anamva nawo mphekesera zonse. Sanafunsepo. Likuthokoza a Mwamadi, akalipentala, omwe anasema ndodo zonse zimene malemu anayendera, ndipo dzulo akhoma bokosi. Likuthokoza a Lajabu, potseka butchala tsiku la malonda. Likuthokoza amayi a mpingo pa ntchito ya manja anu. Mwagwira ngati maliro ndi anu. Ndi anu ndithu. Likuthokoza abwana a a Amosi potibwereka galimoto, ndi nonse amene mwapepesa, mwasonkha moto, mwagona pamphepo. Mulungu akubwezereni.

Dongosolo ndi ili. Galimoto ifika mawa 4 koloko m'bandakucha. Ikakwana 5 tinyamuka, ulendo wa ku Chadzunda. Adzukulu auzidwa kale. Sitidikira munthu, msewu wa ku Mitundu mukuudziwa. Bokosi likamatuluka pakhomo apo, amayi Rozina ati ayambitsa nyimbo okha. Tawaletsa, akana. Mawu alibe, anathera kulira. A Lajabu ati awathandiza, ngakhale nyimbo za kwathu sazidziwa. Ine ndiimba nawo, ndipo amene anandimvapo ndikuimba akudziwa kuti limenelo ndi tsoka lina. Tikhala atatu. Inu amene mawu ake mumawadziwa, nthawi mwaimva. Mayunifolomu ali kunyumba kwanu, ndipo kwanu si kutali.

Atsibweni, a Medson Chikadza, munatitopetsa. Ifenso tinakutopetsani. Pitani mukapume. Mzimu wanu uuse mumtendere.